Anyamata a Kumbuyo Atasiya Kundiyankha

Mayeso olemba sankandiopsa kwenikweni. Pepala silikuyang'ana m'maso. Umaweramira pa desiki n'kulemba zimene ukudziwa, ndipo palibe amene amakuuza kuti ukweze mawu. Amene ankandisowetsa mtendere pa maphunziro anga onse a uphunzitsi anali mayeso enawo, oti uimirire pamaso pa ana n'kuphunzitsa, wokuyesa atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera m'manja. Ukalephera amenewo satifiketi sulandira, ngakhale mapepala onse utawakhoza bwanji. Umabwereza chaka choyeserera kuphunzitsa, anzako atapita.

Ndinakulira kufupi ndi Kaphuka, m'mudzi umene tchalitchi chili pakati ndipo pafupifupi aliyense ndi wobatizidwa. Sukulu zonse zimene ndinaphunzirapo zinali zoyenda pansi kuchokera kunyumba. Kwathu mwana wamkazi sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo wamkulu akalowa m'nyumba mawu ako amatsika okha osawauza. Makolo anga amalima chimanga ndi mbatata ya kachewere. Nditasankhidwa kupita ku koleji, bambo anayamba kunditchula kuti "aphunzitsi" pamaso pa anthu, mudzi wonse n'kutengera. Zoti ndibwerere kumeneko wopanda satifiketi ndinkaopa ngakhale kuziganizira.

Chaka choyeserera chitakwana, anatitumiza awiri pa sukulu ina ya pulayimale kupitirira Mayani, ine ndi mtsikana mnzanga wokulira mu mzinda wa Lilongwe. Anatipatsa kanyumba kamodzi ndi kalasi imodzi, sitandade 5, kuti tizigawana maphunziro. Mnzangayo tinkasiyana pa chilichonse. Ankaseka mokweza, ankalonjera ahedi ali chilili, ndipo tsiku loyamba lomwe anandiletsa kumuti "inu".

"Ndine agogo ako ine? Tizigona chipinda chimodzi, tizitsukirana mbale, ndiye uzinditi inu?"

Panalinso aphunzitsi otiyang'anira, eni ake a kalasiyo, bambo wachikulire wa m'dera lomwelo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Tikamaphunzitsa ankaika mpando pakhomo n'kumawothera dzuwa, khutu limodzi lili m'kalasi.

Alekichala oyamba kudzandiona ndikuphunzitsa anali mayi wina wa magalasi amene ankatiphunzitsa ku koleji. Nditamaliza anandiitanira pakhonde.

"Mwakonzekera bwino, zimenezo sindikukana. Koma mawu anu akuthera pa benchi yachiwiri. Chinanso, mwana aliyense mukumuti 'iwe', 'iwe wa juzi yofiira', 'iwe uli pawindo'. Ana amenewa alibe mayina?"

"Ali nawo, madamu."

"Adziweni. Amene adzabwere komaliza si ine ayi, ndipo sadzakumverani chisoni. Mukadzaphunzitsa chonchi, mubwereza."

Mnzanga ndi aphunzitsi otiyang'anira anali pomwepo, ndipo anamva zonse.

Ine ndikauzidwa chinthu ndimachita. Ndinayamba kuloweza mayina. Kalasi inali yodzaza mpaka ana ena kukhala pansi, koma ndinkawatenga mzere ndi mzere, popita ku mjigo, pochapa, pophika. Tikaweruka ndinkalowa m'kankhalango ka paini kuseri kwa sukulu n'kumaitana mayina aja mokweza, kuti mawu anga azolowere kutuluka. Pofika teremu yachitatu ndinkadziwa mwana aliyense, ndipo ndinali nditaona mmene nkhope ya mwana imawalira ukamutchula dzina lake lenileni. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndikhoza.

Amene ankandithandiza kwambiri, iye osadziwa, anali mnyamata wina wamtali wa pa benchi yomaliza, wamkulu kuposa anzake chifukwa sukulu anaiyamba mochedwa. Ndikafunsa funso ankakweza dzanja akuliza zala, "Madamu! Madamu!" ndipo iye akayankha, anyamata onse a kumbuyo ankalimba mtima n'kutsatira. Maphunziro anga ambiri ankatsamira pa iye. Ndikamakonza phunziro ndinkadziwiratu pamene ndidzamufunse.

M'mwezi wa Juni, kutazizira kwambiri, chifunga chikumakhala paphiri mpaka dzuwa litakwera, mnyamatayo anasowa. Anasowa pamodzi ndi anzake angapo a kumbuyo komweko. Nditafunsa, atsikana a kutsogolo anayankhira pamodzi ngati anachita kupangana.

"Apita kokakumba kachewere, madamu."

Bodza limenelo akanamunamiza mnzanga, osati ine. Mbatata ya mvula inali itakumbidwa kale, ndipo ya m'madimba inali isanachite ndi maluwa omwe. Sindinawatsutse. Ndinapita kwa aphunzitsi otiyang'anira n'kuwerama pambali pa mpando wawo.

"Aphunzitsi, anyamata aja sakubwera."

"Abwera."

"Kapena akudwala?"

"Abwera, madamu."

Anabweradi patapita masiku. Anabwera atavala zipewa zoluka zofika m'makutu, monga ana ambiri m'nyengo imeneyo, n'kukhala m'malo awo mwakachetechete. Ndinasangalala. Funso loyamba la tsikulo ndinasungira mnyamata wamtali uja. Ndinatchula dzina lake momveka bwino.

Sanadzuke. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinatchulanso. Kalasi yonse inangoti zii, kupatula mtsikana mmodzi amene anaseka atagwira pakamwa, mnzake n'kumutsina. Ndinatchula wina mwa osowa aja. Chimodzimodzi. Ndinayang'ana pakhomo. Aphunzitsi otiyang'anira maso awo anali ku bwalo la mpira, kumene kunalibe munthu aliyense.

Ndinadziuza kuti mwina ndi njala, mwina ndi manyazi chifukwa chojomba. Koma phunziro lotsatira linali la mnzanga, ine nditakhala pakona ndikuchonga makope. Iye anafunsa funso lake n'kuloza kumbuyo ndi choko.

"Eya, bigi kumbuyoko, tatiuzani."

Mnyamata uja anadzuka n'kuyankha bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga anasintha. Ku koleji tinkamva kuti oyesa akapeza ophunzira awiri m'kalasi imodzi amawayerekeza, ndipo wina akaoneka wodziwa, mnzake amatsika. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine ndinazikumbukira. Ndinayamba kuona kuti nthawi yopuma mnzanga amaima ndi anyamata omwe aja pansi pa mtengo, akuseka, ndipo ine ndikayandikira kuseka kumatha. Ndinaona kuti tsiku lina anawagawira chimanga chokazinga cha m'thumba la jekete yake. Zonsezi ankachita kuyambira kale, koma kale sindinkaziona.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri chinali chakuti anyamatawo sanasanduke amwano. Ndikati a kumbuyo nonse imirirani, ankaimirira. Ntchito ankalemba, ndipo wamtali uja ankakhoza ngati kale. M'mawa wina anandipeza ndikuvutika ndi mulu wa makope, n'kundilandira ndi manja awiri. Ankangokana chinthu chimodzi chokha, kuyankha ndikamutchula dzina. Ndipo chinthu chimenecho ndi chomwe alekichala anati chidzandigwetsa. Mwana wa sitandade 5 akanadziwa bwanji pamene pali malikisi anga? Amene anamva mawu a alekichala aja anali anthu awiri okha. Mmodzi ndinkagona naye chipinda chimodzi. Winayo ankakhala pakhomo tsiku lililonse akuona ndikuchita manyazi, osanena kanthu.

Ndinayamba kumayenda ndi zokonzekera zanga zonse m'chikwama, ngakhale popita ku mjigo. Matchati amene ndinajambula ndinkawapinda n'kuwaika pansi pa matiresi. Mnzanga akandifunsa kuti mawa uphunzitsa chiyani, ndinkati sindinaganize. Akatuluka kukayankha foni panja, ndinkasiya zimene ndikuchita n'kutchera khutu.

Nthawi ina ndinaganiza kuti mwina vuto ndi korona imene ndinkavala m'khosi. Midzi yozungulira sukuluyo inali ya gule wamkulu. Masabata amenewo ng'oma zinkamveka masana kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu ankati kuli chiliza cha munthu wina wamkulu. Ine ng'oma zotero ndinaphunzitsidwa kuzimva ngati sindikuzimva. Ndinkaganiza kuti kapena makolo ena auza ana awo kuti asamayankhe mtsikana wa ku tchalitchi. Ndinabisa korona mkati mwa bulauzi. Palibe chinasintha.

Lamulungu lina ndinaimbira foni mayi. Sindinawauze zonse, ndinangoti ana ena sakundimvera.

"Uzisamala nawo anthu a kumeneko," anatero mayi. "Osamangodya chilichonse chimene wapatsidwa. Nanga mnzako uja ndi munthu wabwino?"

"Ndi wabwino, mayi."

"Ukuyankha ngati sukudziwa."

Kufunsa munthu maso ndi maso sindinkatha, koma tsiku lina masana, tikukazinga mazira pa mbaula, ndinazungulira mpaka ndinafika.

"Anyamata a kumbuyo aja umacheza nawo zotani?"

"Za mpira. Nanga n'kucheza nawo za chiyani, za feteleza?"

"Iwe amakuyankha."

"Nanga asandiyankhe, kukongola konseku?" Anaseka, koma ataona kuti ine sindikuseka anasiya kutakasa. "Aise, masiku ano ukundiyang'ana ngati ndinakubera sopo. Ukuganiza kuti ndawadyetsa chiyani ana amenewa?"

"Sindinanene zimenezo."

"Pakamwa sipananene, koma nkhope yanena. Ine mayina awo sindiwadziwa n'komwe. Mnyamata aliyense ndi bigi, mtsikana aliyense ndi sisi. Oyesa akadzandigwira pamenepo, wobwereza ndine, osati iwe."

Ndinangoti chabwino. Mumtima ndinati munthu wochenjera angayankhenso bwanji. Mazira aja ndinadya pang'ono.

Oyesa omaliza sanena tsiku lobwera. Tinangoona galimoto ikukwera chitunda m'mawa wina, fumbi lili kumbuyo, ana a sitandade 1 n'kuthamangira ku mawindo. Munatuluka bambo wa imvi, wovala jekete yaitali, amene sindinali nditamuonapo. Anati ayamba ndi ine. Ahedi analowa m'kalasi mwathu mofulumira, akuwomba m'manja.

"Zipewa zonse vulani, kwabwera alendo! Mapepala ali pansiwo tolani!"

Ana anavula zipewa. Ndinaona kuti anyamata amene anasowa aja onse anali atametedwa mpala, tsitsi likungoyamba kumera mofanana, koma maganizo anga anali pa phunziro, ndipo sindinaziike kumtima.

Linali phunziro la ulimi, la kukokoloka kwa nthaka. Ndinali nditakonza mabeseni akale oboola pambali, ena a dothi lokhalokha, ena a dothi lomera kapinga, ndi zitini zothirira madzi. Ndinali nditakonzanso china chimene sindinachilembe paliponse: kuti kumbuyo sindifunsako. Ndifunsa kutsogolo ndi pakati, aliyense ndi dzina lake, nthawi ithe.

Koma oyesawo anakana mpando umene ahedi anawaikira pakona. Anayenda mpaka kumbuyo, n'kukhala pa benchi yomaliza, phewa ndi phewa ndi mnyamata wamtali uja.

Ndinayamba bwino. Mawu anga ankafika kukhoma. Ana a kutsogolo ankayankha, ndipo ndinkaona cholembera chija chikuyenda. Kenaka chinaima. Bamboyo anachikweza m'mwamba, n'kuloza nacho anyamata amene anamuzungulira. Sananene kanthu, koma ndinamva: kuno simukufunsako bwanji?

Ndinalibe kothawira. Ndinafunsa kuti mvula ikagwa pa munda wa pachitunda wopanda chophimba, chimachitika n'chiyani. Funso limenelo mnyamatayo akanayankha ali m'tulo. Ndinatchula dzina lake.

Zii.

Ndinatchulanso, mokweza kuposa mmene ndinalankhulirapo pamaso pa munthu wamkulu chibadwire. Ndinamuyang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti nkhope yake si ya mwano. Anali atagwira m'mphepete mwa desiki zolimba, milomo atailuma, ngati munthu amene akutukwanidwa pagulu koma sangabweze. Anaponya maso pakhomo, kwa aphunzitsi otiyang'anira. Iwo anali akuyang'ana kunja. Ndinayang'ana oyesa aja. Nawonso anali akuyang'ana pawindo, cholembera chili pansi. Amuna awiri osadziwana, akuyang'ana kumbali mofanana. M'chipinda chonsecho aliyense ankadziwa chinachake, kupatula ine.

Sindinathe kuimabe pamenepo. Ndinauza ana kuti akhale m'magulu, gulu lililonse ndi mabeseni awiri, athire madzi n'kuona zimene zituluke pa chiboo. Phokoso la mabenchi linandibisa pang'ono. Ndinkayenda gulu ndi gulu, ndikudziwa kuti pomaliza gulu la kumbuyo liyenera kunena zimene lapeza, ndipo mtsogoleri wake ndi mnyamata wamtali yemwe uja.

Nditafika pafupi ndi gulu limenelo ndinamva kamnyamata kena kakang'ono, kamene miyezi yapitayo kankagwetsana naye pa fumbi, kakumupatsa chitini ndi manja awiri.

"Thirani ndinu," kanatero, n'kumuitana osati ndi dzina limene ine ndinaloweza, koma ndi mfunda wa bambo ake, dzina la mtundu limene timaitanira munthu wamkulu mwaulemu.

Wina mwa ometedwa aja anamuitananso chimodzimodzi. Iye anayankha, nayenso n'kumuitana mnzakeyo ndi mfunda wake.

Ndinaima ndi chitini m'manja. Ndinayang'ana mitu yometedwa ija. Ndinakumbukira ng'oma za kutsidya. Anyamatawa sanapite kokakumba chilichonse. Anali ku dambwe, kumene anyamata a midzi ya gule amakalowa chinamwali chawo. Ndipo ndinali nditamvapo ndili mwana, monga timamvera nkhani za anthu a kutali, kuti wolowa kumeneko dzina la ubwana amalisiya komweko, ndipo kumuitana nalo pagulu ndi chipongwe chachikulu. Ndinkazidziwa, koma ndinkaziika pa amuna a ndevu amene tinkawathawa m'njira, osati pa mwana wovala yunifolomu amene ndimamuchongera masamu. Kwathu dzina limene walandira pa ubatizo ndi lomwe adzakutchule nalo pa maliro ako.

Masabata onsewo, ine ndikuyesetsa kuchita zimene ndinauzidwa, ndinkamuchotsa ulemu m'mawa uliwonse pamaso pa atsikana ndi tiana. Iye sakanandiuza, chifukwa za ku dambwe sauza mkazi kapena munthu wosalowa. Atsikana aja sakanandiuza. Ndipo ine sindikanafunsa, chifukwa ndinaleredwa kuti zimenezo sitifunsa.

Kudziwa sikunandipepukitse nthawi yomweyo. Ndinayamba kuopa zina. Mphunzitsi kuitana mwana wa sukulu ngati bambo wa pakhomo, oyesa sadzati ndalephera kulamulira kalasi? Nanga mayi atamva kuti ndavomereza dzina lochokera kumeneko? Nanga ngati ndamva molakwa, n'kumupatsa mfunda wa eni ake, kalasi yonse n'kuphulika ndi kuseka? Madzi anali atatha m'zitini. Magulu a kutsogolo ananena zimene anapeza. Linatsala gulu limodzi.

Ndinabwerera pa bolodi, ndinapukuta manja pa siketi, n'kumuitana monga anamuitanira anzake aja, ndi ulemu wake wonse.

"Tiuzeniko zimene gulu lanu lapeza."

Palibe anaseka. Mnyamatayo anadzuka pang'onopang'ono, ngati akufuna kutsimikiza kuti wamva bwino. Anati madzi a m'beseni lopanda udzu atuluka msanga, ofiira, atatenga dothi, koma a m'beseni la kapinga atuluka mochedwa ndiponso oyera. Kenaka, ine osamufunsa, anawonjezera kuti n'chifukwa chake kumunda kwawo mizere amaipingasa chitunda, ndipo m'malire amabzalamo udzu.

"Zikomo kwambiri. Tiwaombere m'manja."

Ana anaomba m'manja mwamphamvu kuposa mmene yankholo linkafunikira. Enawo mifunda yawo sindinkaidziwa, choncho ndinati, "Nanga akulu amene mwakhala pambali pawo, mukuwonjezerapo chiyani?" Nayenso anadzuka. Manja anayamba kukwera kumbuyo konse, zala zikulira. Ndinkafuna kufunsa aliyense, ndipo pamenepo ndi pamene ndinatayira nthawi. Chitsulo chinalira ndisanaombe mkota, ndisanapereke ntchito yolemba. Phunziro losafika kumathero, tonse tinkadziwa, limadya malikisi ambiri.

Oyesa anaonanso phunziro la mnzanga, kenaka anatiitana mmodzimmodzi mu ofesi ya ahedi. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pa nsapato zawo.

"Phunziro lanu silinathe," anatero. "Mathero palibe. Ntchito simunapereke. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Zipangizo zinali zabwino. Mawu akumveka." Anatembenuza pepala. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Kaphuka, bwana."

"Pafupi pomwepa." Anaika cholembera pansi. "Ndiye munazindikira liti?"

Sananene kuti kuzindikira chiyani, ndipo ine sindinafunse.

"Lero lomwe, bwana. M'kalasi momwemo."

Anagwedeza mutu n'kulemba kanthu kena kakafupi. Ndinasonkhanitsa mphamvu zonse zimene zinanditsalira.

"Bwana, kodi ndakhoza?"

"Zimenezo mukamva ku koleji. Muitaneni mnzanuyo."

Galimoto itapita, ndinapeza aphunzitsi otiyang'anira akulowetsa mpando wawo m'kalasi. Ana anali ataweruka. Ndinawathandiza kutseka mawindo, ndipo ndili chakumbuyo kwawo, pamene sankandiona nkhope, ndinafunsa.

"Aphunzitsi, inu munkadziwa?"

"Zinthu zina sitinena ndife, madamu."

"Nanga ndikanalephera?"

"Mukanabwereza." Anakoka chitseko n'kulowetsa loko. "Ena anabwerezapo."

Sananene mwankhanza. Ananena ngati akundiuza kuti mawa kuzizira. Anandipatsa makiyi kuti ndikasiye kwa ahedi, n'kukwera njinga yawo.

Mnzanga ndinamufotokozera zonse madzulo ake, tikusankha nyemba pakhonde. Anamvetsera kukamwa kuli yasa, kenaka anawomba m'manja.

"Ndiye ulesi wanga ndi umene unandipulumutsa? Iwe kuloweza konse kuja, kukuwa m'mapaini ngati wamisala!" Anaseka mpaka kugwetsa nyemba. Atatola anandiyang'ana cham'mbali. "Koma nthawi yonseyi umaganizira ine, eti?"

Ndinapitiriza kusankha nyemba.

"Ndinadziwa. Matchati pansi pa matiresi, ngati ine ndingabe chithunzi cha khasu. Loweruka undigulira chipisi pa Mayani, ndi dzira pamwamba."

Masabata otsala a teremuyo ndinaphunzira mifunda ya anyamata onse aja, pomvetsera mmene ankaitanirana pa bwalo. Sindinafunse aliyense, ndipo palibe anandiuza. Mayi sindinawafotokozere.

Zotsatira zinatuluka ndili kwathu, patapita miyezi. Anayamba kumva ndi mnzanga, ndipo anandiimbira akukuwa moti ndinachita kutalikitsa foni kukhutu.

"Aise! Takhoza! Tonse awiri!"

Nditapita ku koleji kukaona ndekha, ndinapeza kuti pa mayeso olemba ndinachita bwino, koma pa kuphunzitsa ndinangodutsa pang'ono pamwamba pa mzere wolepherera. Mnzanga anandiposa. Sindinadandaule. Satifiketi salembapo kuti unadutsa pafupi bwanji.

Chimene sindinachidziwe mpaka lero ndi chakuti bambo wa imvi uja anakhala pa benchi imeneyo mwangozi kapena ayi. M'kalasi munali mabenchi ambiri, ndipo ahedi anali atamuikira mpando wabwino wa khushoni. Asanalowe, anaima kanthawi pakhonde ndi aphunzitsi otiyang'anira, akulankhulana motsitsa mawu. Ndinawaona pawindo ndikukonza mabeseni. Nthawi zina ndimaganiza kuti ankauzana za msewu woipa wochokera ku Linthipe. Nthawi zina ndimaganiza kuti ankauzana za ine.